MAU A WODWALA AFIKE MSANGA KU CIPATALA

Aliyense amene anadwazikapo matenda m'midzi yozungulira Mwami adziwa kuti bvuto lalikulu siliyambira pa khomo la cipatala ai. Liyambira kumudzi, pakati pa usiku, pamene mwana watentha thupi kapena mai wapakati wayamba kutaya magazi, ndipo a pabanja ali kufunsana ngati adikire kuti kunja kuce kapena abwereke ngolo anyamuke nthawi yomweyo. Dotolo ali ku cipatala, mankhwala ali m'nkhokwe, koma palibe amene adziwa kuti m'nyumba ina kuseri kwa phiri muli munthu amene moyo wake uli pangozi.

Bvuto laciwiri limadza munthu atatuluka m'cipatala. Wapatsidwa mankhwala, wauzidwa tsiku lobwerera, wapita kwao. Tsikulo lafika, iye sanaoneke. Kodi wacira? Kodi matenda akula? Kodi wasamukira kwa acibale ku Mchinji, kapena wangosowa ndalama yokwerera galimoto? Namwino aona dzina m'kaundula, koma alibe womufunsa.

Nkhani yathu sabata ino ndi ya munthu wa ku America, a Josh Nesbit, amene anaona mabvuto awiriwa pa cipatala ca St Gabriel's ku Namitete, m'dziko la Malawi, ndipo anatha zaka zoposa khumi akufunafuna njira yowacepetsera. Tailemba cifukwa midzi ya ku Namitete silekana ndi yathu. Cilankhulo ndi cimodzi, cimanga, nshawa ndi fodya ndi zomwezo, ndipo mitunda imene wodwala ayenda ndi yomweyo.

Zipatala ziwiri za misyoni

Cipatala ca Mwami, ca mpingo wa Seventh-day Adventist, ciri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kucokera mu mzinda wa Chipata. Misyoni ya Mwami inakhazikitsidwa mu 1925 monga nthambi ya misyoni ya Malamulo ya ku Thyolo, ndipo nchito ya cipatala inayamba mu 1927 pamene kunafika dotolo woyamba, Dr E. G. Marcus. Masiku amenewo Chipata anali kuchedwa Fort Jameson. Akuluakulu akumbukira kuti Mwami anachuka poyamba ndi kusamalira odwala khate, ndipo pambuyo pake anadziwikanso ndi cithandizo ca maso ndi sukulu yophunzitsa anamwino. Cotero kulandira nzeru zocokera kutsidya kwa malire si cinthu cacilendo kwa anthu a ku Mwami, pakuti cipatala cao cinabadwa motero.

Munthu akadutsa pa malire a Mwami, napitirira boma la Mchinji pa mseu wopita ku Lilongwe, afika pa Namitete. Akapatuka pang'ono apeza cipatala ca St Gabriel's, cimene cinatsegulidwa mu 1959 ndi masisitere a Cikatolika ocokera ku Luxembourg. Ciri makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa Lilongwe. M'caka ca 2007 cipatalaci cinali kutumikira anthu okwana 250,000, omwazikana m'midzi yotalikirana, ndipo madotolo anali awiri cabe.

Popeza madotolo awiri sangafike m'mudzi uliwonse, cipatala cinali kudalira anthu odzipereka a m'midzi momwemo. Anthuwa anali alimi wamba, amuna ndi akazi, amene anaphunzitsidwa kuyendera odwala m'makomo mwao, kuona ngati a cifuwa cacikulu ca TB ndi amene ali ndi kacirombo ka HIV ali kumwa mankhwala pa nthawi yake, ndiponso kulemba zimene aona. Nchito imeneyi anali kuigwira popanda malipiro, atabwerako kumunda. Owerenga athu a m'Cigawo ca Kum'mawa awadziwa bwino anthu otere, pakuti m'mudzi uliwonse alimo.

Mlendo wodzathandiza

A Nesbit anafika ku Namitete mu 2007 ali wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford ku California, kumene anali kuphunzira za umoyo wa anthu a m'maiko osiyanasiyana. Colinga cao pa nthawiyo cinali cakuti adzakhale dotolo. Anabwera pa nyengo ya chuthi, mwa kufuna kwao, osalandira malipiro, kudzathandiza nchito za pa cipatala ndi kuphunzira kwa amene anawapeza.

M'masabata amene anakhala kumeneko anaona zinthu ziwiri zimene sanaziiwale. Coyamba, anakumana ndi bambo wina wodzipereka amene anali kuyenda wapansi makilomita oposa 50 kuti akapereke ku cipatala malipoti a odwala a kwao. Munthu ameneyu sanali kunyamula wodwala kapena katundu. Anali kunyamula mau okha, olembedwa pa pepala. Ulendo wotere utanthauza masiku otayika kumunda, ndipo utanthauzanso kuti nkhani ya wodwala amene wafooka Lolemba ingafike kwa namwino Lacisanu.

Caciwiri, anadabwa kuona kuti lamya yao ya m'manja inali kugwira bwino pa Namitete kuposa mmene inali kugwirira kwao ku California. Nsanja za makampani a lamya zinali zitafika kale kumidzi, ngakhale kuti miseu yabwino ndi magetsi zinali zisanafike. Apa ndi pamene anadzifunsa kuti, ngati mau angathe kuyenda mumlengalenga, n'cifukwa ninji munthu ayenera kuwanyamula ndi miyendo?

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma tinene zoona: kalumoko sanakasule okha a Nesbit. Atabwerera kwao anakumana ndi a Ken Banks a ku Britain, amene mu 2005 anakonza pulogalamu ya pa kompyuta yochedwa FrontlineSMS, yothandiza mabungwe a kumidzi kutumiza ndi kulandira mauthenga ambiri a pa lamya popanda intaneti, ndipo anali kuipereka kwaulere. Cimene a Nesbit anacita ndico kuona kuti cida cimeneci cingagwire nchito pa cipatala ca kumudzi.

Malamya akale 100 ndi kompyuta imodzi

Mu 2008 anabwereranso ku Namitete atanyamula kompyuta imodzi ya m'manja imene anacita kupatsidwa, ndi malamya pafupifupi 100 ogwirako kale nchito. Kompyutayo inaikidwa pa cipatala, ndipo inalumikizidwa ndi kacipangizo kokhala ndi khadi la lamya, kotero kuti uthenga uliwonse wocokera kumudzi unali kuonekera pamenepo. Wogwira nchito pa cipatala anali kutha kuuwerenga, kuuyankha, kapena kutumiza uthenga umodzi kwa odzipereka onse nthawi imodzi.

Anthu odzipereka okwana 75 anaitanidwa m'magulumagulu, napatsidwa malamya, naphunzitsidwa kulemba uthenga. Ena mwa iwo anali asanakhalepo ndi lamya cibadwire, koma sanacedwe kuzolowera, pakuti anali kudziwa kale zofunika kunena. Mauthengawo anali kulembedwa m'Cicewa, cilankhulo comwe tiri kuwerenga pano.

Kodi anali kutumizirana zotani? Wodzipereka akapeza wodwala amene sangathe kuyenda, anali kudziwitsa cipatala, ndipo namwino woyendera odwala m'makomo anali kukwera njinga yamoto kulunjika kumene afunika, m'malo mozungulira midzi yonse mongoyerekeza. Wodwala wa TB kapena womwa ma ARV akalephera kubwera pa tsiku lake, cipatala cinali kutumiza uthenga kwa wodzipereka wa m'mudzi mwake kuti akamuone, ndipo yankho linali kubwera. Wodzipereka akakaika za kamwedwe ka mankhwala ena, anali kufunsa nalandira malangizo. Akaona munthu amene wakhala akutsokomola masabata angapo, anali kupereka mbiri kuti akapimidwe makhololo. Wodwala akamwalira, cipatala cinali kumva, ndipo dzina lake silinali kukhalanso m'kaundula wa anthu osowa.

Zimene zinapezeka pa miyezi 6

Zotsatira za nchitoyi zinasindikizidwa mu 2010 ndi a Nadim Mahmud, a Joce Rodriguez ndi a Nesbit. Pa miyezi 6 panadutsa mauthenga 1,330. Anchito a pa cipatala anapulumutsa maola 2,048 amene akanathera pa mseu. Mafuta a njinga zamoto amene sanagwiritsidwe nchito anali a ndalama zokwana madola 3,000 a ku America, pamene mauthenga onse pamodzi anadya madola 250 cabe. Ciwerengero ca odwala TB amene cipatala cinali kutha kusamalira cinawirikiza kawiri, kufika pa 200.

Tiyeni tiziyang'ane bwino ziwerengerozi. Mauthenga 1,330 pa miyezi 6 ndi mauthenga 7 okha pa tsiku, ocepa kuposa amene mnyamata wa masiku ano atumiza asanadye nsima ya masana. Koma maola 2,048 ndi masiku 256 a munthu wogwira nchito maola 8 pa tsiku. Mau ocepa, akafika kwa munthu woyenera pa nthawi yoyenera, anabweza pafupifupi caka cathunthu ca nchito.

Tionenso kuti pa miyezi imeneyo cipatala sicinalandire mankhwala a mtundu watsopano a TB. Odwala ena 100 aja analipo kale m'midzi, ali kutsokomola ndi kupatsira a m'nyumba mwao. Odzipereka anali kuwaona, koma analibe njira yacangu youzira cipatala. Cimene cinasintha ndi cimeneco basi.

Kucokera ku Namitete kunka kutali

A Nesbit atatsiriza maphunziro ao mu 2009, maganizo a udotolo anawaika padera. Pamodzi ndi anzao, mwa iwo a Isaac Holeman ndi a Mahmud, anayambitsa gulu limene poyamba linachedwa FrontlineSMS:Medic, ndipo kenaka Medic Mobile. Iwo ndiwo anakhala mkulu woyendetsa bungweli. Anayambitsanso nchito yochedwa Hope Phones, yopempha anthu a ku America kupereka malamya ao akale, kuti ndalama zogulitsira malamyawo zigulire malamya ochipa a anthu odzipereka.

Pa 12 Januwale 2010 cibvomezi coopsa cinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince m'dziko la Haiti. A Nesbit anali mmodzi wa amene anathandiza kukhazikitsa nambala yaulere ya 4636, imene anthu obvulala ndi osowa madzi kapena cakudya anali kutumizako uthenga. Anthu a ku Haiti okhala m'maiko ena anadzipereka kumasulira mauthengawo kucokera m'cilankhulo cao, usana ndi usiku, kuti opulumutsa anthu adziwe kopita. Mauthenga zikwizikwi anadutsa pa nambalayo. Maganizo ake anali omwe aja a ku Namitete: amene ali pafupi ndi bvuto auze msanga amene ali ndi cithandizo.

Bungweli linakula, linagwira nchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi ku Nepal, ndipo mu 2014 linalandira mphoto ya Skoll. Mu 2018 linatsogolera pokhazikitsa Community Health Toolkit, zida za pa lamya zimene boma kapena bungwe liri lonse lingatenge kwaulere ndi kuzisintha monga lifunira. Dziko la Kenya linamangira pa zida zimenezi pamene mu 2023 linayamba kupatsa malamya anchito a zaumoyo a m'midzi okwana 100,000, ndi kuwalipirako ndalama mwezi ndi mwezi. A Nesbit anatula pansi udindo wao atatsogolera bungweli zaka pafupifupi khumi, ndipo bungwelo linafupikitsa dzina lake kukhala Medic.

Maganizo ao pa kasamalidwe ka odwala

Mau amene bungwe lao linasankha kukhala mbendera yake atanthauza kuti tonsefe ndife anchito a zaumoyo. Mauwa aoneka apafupi, koma ali ndi nkhani mkati. Wodwala mmodzi adutsa m'manja mwa anthu ambiri: mai amene aona coyamba kuti mwana sali kuyamwa, mnansi amene abwereketsa njinga, wodzipereka wa m'mudzi, namwino wa pa kiliniki, wopima magazi, dotolo wa pa cipatala cacikulu, ndiponso agogo amene adzakumbutsa za mankhwala mwanayo atabwerera kunyumba. Aliyense wa iwo angagwire nchito yake bwino lomwe, koma ngati sauzana zimene aona ndi zimene acita, wodwala atayika pakati pao. Mutu umodzi susenza denga, koma ngakhale mitu khumi siingalisenze ngati aliyense anyamula pa nthawi yake.

Mfundo yaciwiri imene nchito yao inatsata ndi yakuti cida cikonzedwe poyang'ana munthu amene adzacigwiritsa nchito. N'cifukwa cake anayambira pa malamya ochipa a mabatani, ndipo ngakhale pamene anafika pa malamya amakono, anaonetsetsa kuti azitha kulemba nkhani za odwala kumalo kumene kulibe netiweki, n'kudzazitumiza pamene yapezeka. Okonza zidazo anali kupita kukakhala ndi odzipereka, kuyenda nao m'makomo, ndi kufunsa cimene ciwabvuta, asanalembe kanthu pa kompyuta.

Mfundo yacitatu ndi yakuti cida cotere cisakhale malonda. Cipatala ca kumudzi cimene cibvutika kugula mafuta a ambulansi sicingathe kulipira kampani ya kunja mwezi ndi mwezi. Motero zimene anakonza anazisiya poyera kuti ena azitenge, azikonzenso, ndi kuziyesa zao.

Kuno kwathu ku Zambia

Tisaganize kuti zonsezi zinacitika kwa anzathu okha. Dziko lathu linayenda njira yofanana. Ca m'ma 2005 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la CDC la ku America, unayambitsa SmartCare, njira yosungira mbiri ya wodwala pa kompyuta. Wodwala anali kupatsidwa khadi lokhala ndi mbiri yake, kuti munthu woyamba ma ARV ku Chipata akasamukira ku Lusaka kapena ku Migodi, namwino wa kumeneko adziwe mankhwala amene ali kumwa popanda kuyambanso mafunso onse.

Mu 2010 Unduna womwewo pamodzi ndi UNICEF unayambitsa Project Mwana. Mwana wobadwa kwa mai amene ali ndi kacirombo ka HIV atengedwa timadontho ta magazi pa kapepala, ndipo kapepalako katumizidwa kumalo opimira amene ali kutali. Kale zotsatira zinali kubwerera pa pepala, podikira galimoto yopita kumeneko, ndipo zina zinali kutayika m'njira. Pansi pa Project Mwana zinayamba kubwera pa lamya ya namwino. Kufufuza kumene kunacitika m'zipatala 10 za m'Cigawo ca Kum'mwera kunaonetsa kuti nthawi yodikira inatsika kucoka pa masiku 44 kufika pa masiku 27. Kwa khanda limene liri ndi kacirombo, masabata awiri ndi theka amenewo ndi aakulu, pakuti makanda otere afooka msanga ngati sayamba mankhwala.

M'caka comweco ca 2010 Boma linakonza ndondomeko ya anchito a zaumoyo a m'midzi ochedwa ma Community Health Assistant. Gulu loyamba, la anthu 307, linaphunzira caka cathunthu ku Ndola ndipo linayamba nchito mu 2012. Awa asiyana ndi odzipereka cifukwa alembedwa nchito ya malipiro, ndipo lamulo lao ndi lakuti nthawi yambiri azikhala m'midzi, osati pa kiliniki. Pambali pao pali makomiti a zaumoyo a m'midzi, othandiza odwala TB kumwa mankhwala, ndi magulu a SMAG amene ayang'anira ucembere wabwino. Maziko a zonsezi anaikidwa kale, pa msonkhano wa maiko wa ku Alma-Ata mu 1978, umene unagwirizana kuti cithandizo ca umoyo ciyambire kumene anthu akhala, ndipo anthuwo atengemo mbali.

Lamya si mankhwala

Koma tisanyengedwe ndi kuwala kwa zida. Lamya ifuna batire, ndipo kumudzi kuchaja kufuna sola kapena ndalama. Ifuna tokotaimu. Igwa m'madzi, ibedwa, ikalamba. M'zigwa zina netiweki ipezeka pa culu cimodzi cokha. Ndiponso uthenga ulibe phindu ngati ku cipatala kulibe wouwerenga, kapena ngati wouwerengayo alibe mafuta a njinga yamoto. Ku Namitete zinatheka cifukwa anchito a pa cipatala anali kuyankha. Wodzipereka amene atumiza uthenga katatu osayankhidwa sadzatumizanso kacinai, ndipo a m'mudzi adzaleka kumukhulupirira.

Maiko ena analawa bvuto la kucuruka kwa zida. Ku Uganda mabungwe anabweretsa mapulogalamu a pa lamya ambirimbiri, liri lonse lao lao, osamvana, kufikira mu 2012 Unduna wa Zaumoyo wa kumeneko unalamula kuti atsopano ayambe aima mpaka pakhale dongosolo limodzi. Zida zimene zinadza kudzalumikiza anthu zinali zitayamba kuwagawa. Tikumbukirenso kuti mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kumaiko ena, ndipo nchito zambiri za umoyo m'Zambia ndi m'Malawi zimene zinali kudalira ndalamazo zinagwedezeka. Cida cimene ciyenda ndi ndalama za mlendo ciima mlendo akapita, pokhapokha eni dziko atacitenga kukhala cao.

Cacikulu koposa ndi munthu amene agwira lamyayo. Bambo uja wa makilomita 50 anasiya kuyenda ulendo wautali, koma sanasiye kukhala mlimi wokhala ndi ana ofuna sopo ndi mayunifomu. Mu 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza maiko kuti anchito a zaumoyo a m'midzi azilipidwa molingana ndi nchito imene agwira, maola ao ndi maphunziro ao. Kudzipereka ndi cinthu cokoma, ndipo nkhani yonseyi inayamba ndi anthu odzipereka, wa ku California ndi a ku Namitete. Koma pali kusiyana pakati pa wophunzira amene apereka chuthi cimodzi ndi mai wa kumudzi amene apereka zaka khumi. Cithandizo ca anthu zikwi mazana sicingakhale pa mapewa a anthu osalipidwa mpaka kalekale.

Mbali yathu ife a m'midzi

Ngati n'zoona kuti tonsefe ndife anchito a zaumoyo, ndiye kuti owerenga athu nawonso ali ndi gawo lao, ndipo silifuna kompyuta.

Coyamba, sungani makhadi a ku cipatala monga musungira citupa. Khadi la mwana la ku sikelo, khadi la mai wapakati ndi khadi la mankhwala zikhale m'pepala la pulasitiki, pamalo pamene ciswe ndi mvula sizifika, ndipo wina wa m'nyumba adziwe pamene ziri. Izi n'zofunika koposa kwa ife a m'malire. Mabanja athu ali mbali zonse ziwiri, ndipo munthu angayambe mankhwala ku Mwami n'kukadwalira ku Mchinji kumene anapita kukalira maliro. Dziko liri lonse liri ndi kasungidwe kake ka mbiri ya odwala, motero pepala limene mwanyamula ndilo lidzakulankhulirani.

Caciwiri, akakutumizani ku cipatala cacikulu, kaya ku Mwami, ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete, tengani kalata yocokera ku kiliniki yanu. Pobwerera musapitirire kunyumba osakauza namwino amene anakutumizani zimene madotolo apeza ndi mankhwala amene akupatsani. Iye ndiye adzakhala pafupi nanu matenda akabweranso.

Cacitatu, lembani nambala ya lamya ya wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi ya pa kiliniki, muziike pa khoma. A nyakwawa ndi makomiti ao akhale pansi kukadali bwino, agwirizane za ngolo, njinga kapena galimoto imene idzanyamula wodwala usiku, ndi za thumba la ndalama za mafuta. Mai wapakati amene akhala kutali apite ku cidikiro masiku asanakwane.

Cacinai, musasiye mankhwala a TB cifukwa cifuwa caleka. Mankhwalawa amwedwa miyezi 6 yathunthu, ndipo wosiyira panjira angadwale TB yosamva mankhwala, imene ibvuta kuciza ndipo itenga nthawi yaitali. Ngati mufuna kusamuka kapena kupita kuganyu kutali, nenani ku kiliniki musananyamuke kuti akulembereni kalata.

Cacisanu, a zaumoyo a m'midzi asunge cinsinsi. Matenda a munthu si nkhani ya pa mjigo, ndipo lamya imene muli maina a odwala si yobwereketsa ana. Ife enafe tiwalemekeze anthu amenewa. Akabwera kudzafunsa cifukwa cimene simunapitire ku cipatala pa tsiku lanu, musawayese akazitape. Apatseni mpando, muwauze zoona.

Usiku umene mwana watentha thupi udzafikabe, ku Mwami monga ku Namitete, ndipo mtunda wopita ku cipatala sudzafupika. Koma banja limene lidziwa woimbira lamya, limene khadi la mwana liri pafupi, ndipo ngolo inapanganidwa kale, silidzataya maola likufunsana pakhomo. Namwino nayenso adzakhala atamva kuti kuli wodwala ali m'njira, ndipo adzamudikira nyali iri ciyakire.